Thumba Losowa Mwini pa Zalewa: Mafunso ndi Mayankho pa Nkhani Zazifupi Zochititsa Tsemwe

Tsiku lina masana ndinagula kanyenya pa Zalewa, dzuwa likuswa mtengo, minibasi yathu ya ku Mwanza ikudikira kudzaza. Mnyamata wootchayo anandikulungira nyamayo m'chidutswa cha nyuzipepala yakale. Nditanyambita zala ndinaona kuti papepalapo panali nkhani yaifupi, ndipo ndinayamba kuiwerenga ndikudumpha madontho a mafuta ndi tsabola. Inali ya mayi amene ankamva kugogoda pachitseko usiku uliwonse chimwalirireni mwamuna wake. Mayiyo atalimba mtima n'kugwira mpiringidzo kuti atsegule, pepala linathera pomwepo. Mbali inayo inali itapita ndi wogula wina, kaya wa ku Lilongwe kaya wa ku Tete. Padutsa zaka, ndawerenga mabuku athunthu n'kuwaiwala, koma mayi uja akadaimabe pachitseko m'mutu mwangamu. Mafunso otsatirawa ndi amene ana asukulu, aphunzitsi ndi anzanga apaulendo akhala akundiponyera akamva kuti ndimakonda nkhani zamtunduwu.

Mukamati nkhani yochititsa tsemwe mukunena chiyani? Si nthano zomwe zija za agogo, mwangozichotsa pamoto n'kuziika papepala?

Pali chibale, koma si mwana mmodzi. Nthano imayamba ndi kupangana. Wokamba akati padangokhala, inu n'kuvomera kuti tili tonse, mwalola kulowa m'dziko limene kalulu amayankhula ndipo nyama zimakumba chitsime, popanda wodabwa. Nkhani imene tikunena pano sipempha chilolezo. Imachitikira kwanu konkuno, pamsika umene mumagula tomato, pamtengo wake weniweni wa tomatoyo, kenaka chinthu chimodzi chimapezeka chili posayenera. Chimodzi chokha basi. Zina zonse zili m'malo mwake, ndipo kukhala bwinobwino kwa zinazo n'kumene kumaziziritsa nkhongono.

Franz Kafka wa ku Prague anatulutsa nkhani mu 1915 ya mnyamata woyenda ndi malonda a nsalu amene anadzuka m'mawa atasanduka chikumbu chachikulu. Choopsa m'nkhaniyo si miyendo yambirimbiri ija ayi. N'chakuti nkhawa yake yoyamba ndi yoti sitima yamusiya ndipo abwana akalipa, ndi kuti abale ake, amene ankadya thukuta lake, amayamba pang'onopang'ono kumuona ngati chinyalala cha m'nyumba. Amene anadwalapo nthawi yaitali ali wodyetsa banja amaimva nkhaniyi popanda womasulira.

Chibale chija chimaoneka bwino mukaika Kamdothi pambali pa nkhani ya Lesley Nneka Arimah, wolemba wa ku Nigeria, yotchedwa Who Will Greet You at Home, imene inatuluka mu 2015. Kamdothi timamudziwa: mayi wosabereka aumba mwana ndi dothi, amuchenjeza za mvula, tsiku lina mvula imupeza kutali. M'dziko la Arimah mayi aliyense amaumba mwana wake ndi chimene wakwanitsa, ndipo mtsikana wosauka wogwira ntchito mu saluni aumba wake ndi tsitsi losesa pansi. Kamdothi amatimvetsa chisoni. Mwana watsitsi uja ali ndi njala, ndipo chimene amadya ndi mayi wake yemwe. Nthano imakutsekerani chitseko kuti mukagone. Arimah amachisiya chotsegula pang'ono.

Tionetseni ndi chitsanzo, pakuti zongofotokoza sizigwirika.

Tiyeni tipeke yathu pompano. Minibasi yanyamuka pa Lunzu madzulo, yafika pa rodibuloko ya pa Zalewa. Apolisi auza aliyense kuti atsike, aime pambali pa katundu wake. Anthu atsika akung'ung'udza, amayi a manachesi ndi malambe awaunjirira, kondakitala akutsitsa zikwama. Aliyense waloza chake, koma patsala thumba limodzi la saka lomanga ndi luzi kukamwa, lolemera ngati chimanga, lofunda ukaligwira. Wapolisi afunsa mwini wake, kuli zii. Kondakitala alumbira kuti sanalikweze iye. Alisiya m'mbali mwa msewu, galimoto n'kupitirira. Mawa lake, nthawi yomweyo, malo omwewo, thumba lija lili pansi pa mpando wakumbuyo.

Pofika apa owerenga wagwidwa. Ntchito yagona pa zimene wolemba achite ndi munthu amene wamugwirayo.

Wolemba waulesi amati kondakitala anadzidzimuka, anali maloto. Uku n'kuba. Mwatiyendetsa mtunda wonsewu n'kutibweza pa siteji pomwe tinakwerera, chenje osatipatsa.

Wolemba wachiwiri, amene ndimakumana naye kawirikawiri m'nkhani za kwathu kuno, amabweretsa gogo. Kunali nkhalamba ina imene kondakitala anaikana chifukwa ndalama inapereweza, nkhalambayo inanena kuti uona, ndiye thumbalo n'lake. Apita kwa sing'anga, sing'anga aloza, gogo aulula, nkhani yatha. Imeneyi imakoma powerenga koyamba, koma taonani chimene yachita: mantha onse yawachotsa mwa ife n'kuwasenzetsa mayi wokalamba wosauka. Owerenga atseka buku mtima uli m'malo, pakuti woipa wapezeka ndipo si iye.

Wachitatu sauza munthu za thumbalo. Amangotionetsa kuti dalaivala amakweza wailesi nthawi zonse akamayandikira gulaye wina asanafike pamlatho wa Shire. Amatchula modutsa kuti nyale yakumanzere ndi yatsopano pomwe yakumanja ndi yakale. Usiku kondakitala akawerenga ndalama amapeza kuti zapitirira ndi mtengo wa munthu mmodzi ndendende, wa Lunzu kufika Zalewa. Tsiku loyamba achita mantha. Lachiwiri aziika padera. Lachisanu agulira mwana wake nsapato. Palibe pamene wolemba wanena kuti anagunda munthu usiku wina n'kuthawa, mwinanso sanagunde. Koma owerenga waphatikiza yekha nyale, wailesi ndi gulaye, ndipo chimene chikumusowetsa tulo tsopano si thumba, koma nsapato zija, chifukwa akudziwa kuti naye akanagula.

Komatu zoterezi timazimva tsiku ndi tsiku m'minibasi ndi pa Nkhani za m'Maboma. Kuwerenga kwake n'kwa chiyani?

N'zoona, ndipo Zalewa ndi malo amene nkhani zimatsikira limodzi ndi katundu. Msewu wa M1 wochokera ku Blantyre ukangooloka Shire umagawikana, wina kulowera ku Balaka, Ntcheu ndi Lilongwe, wina ku Mwanza mpaka ku Tete. Madalaivala a mathiraki, obwera ku Joni, ogulitsa makala, aliyense amasiyapo kake: ng'ona yoweta, ndondocha za m'chigayo cha uje, ndege ya lichero imene yagwa kuseri kwa tchalitchi. Ena mwa okamba zimenezi ndi akatswiri kuposa olemba ambiri amene ndawawerenga. Amadziwa poima, amadziwa potsitsa mawu.

Kusiyana kwake n'kwakuti mphekesera imafuna muikhulupirire, ndipo sikhuta isanapeze dzina la munthu. Mbiri yathu ili ndi mabala a zimenezi. Pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, pakati pa 1968 ndi 1970, kunamveka zoti magazi awo akutumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole ya boma. Za anamapopa zinabuka kumapeto kwa 2002, zinabweranso mu September 2017 ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Palibe namapopa amene anagwidwa ndi ndowa ya magazi, koma anthu enieni anaphedwa powaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Luise White, katswiri wa mbiri yakale, analemba buku mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires losonyeza kuti nkhani zoterezi zinayenda m'maiko ambiri a kuno m'nthawi ya atsamunda. Ku Zambia ankati banyama. Nthawi zambiri zinkanena zoona zina mokuluwika: kuti pali amphamvu amene akuyamwa osauka. Tsoka lake, miyala simagwera amphamvuwo. Imagwera mlendo amene wasochera ndi chikwama kumsana.

Ife a ku Neno sitifunika kupita kutali. Mu January 2016, m'mudzi mwa Chimbalanga kwa T/A Dambe, okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu atawanena kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wa m'mudzimo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo linali kutali tsikulo ndipo nkhani inali pafupi. Inali ndi zonse zimene nkhani yogwira mtima imakhala nazo: imfa yadzidzidzi, chinsinsi, woipa. Chimene inalibe ndi mpata wokayika.

Nkhani yolembedwa imavomera poyera kuti ndi yopeka, choncho ili ndi ufulu wotembenuza chala. Shirley Jackson wa ku America anachita zimenezi mu 1948 ndi The Lottery. Mundikhululukire, ndiulula mathero ake, yakalamba mokwanira. M'mudzi wooneka bwino anthu asonkhana m'mawa wowala, ana akutolera miyala, akuluakulu akucheza za ulimi. Achita maere monga amachitira chaka chilichonse, ndipo amene maere amugwera amugenda mpaka kufa. Mulibe mfiti, mulibe mzukwa. Magazini ya The New Yorker inalandira makalata ochuluka a owerenga okwiya, ena n'kusiya kuigula. Anakwiya chifukwa anafufuza chilombo m'nkhanimo n'kupezamo anansi awo ndi iwo eni. Naye Stanley Onjezani Kenani, m'nkhani yake ya Love on Trial imene inafika pa ndandanda womaliza wa mphotho ya Caine mu 2012, anaika patsogolo chidakwa cha m'mudzi chimene chimagulitsa nkhani ya zimene chinaona posinthana ndi mowa. Nkhaniyo si ya mizukwa, koma imaonetsa bwino mmene mlomo umadyera pa moyo wa munthu wina.

Ndiye mukuti olemba asiye za ufiti, alembe za azungu?

Ayi ndithu. Wolemba wa pa Zalewa amene m'nkhani zake mulibe wokhulupirira za kukhwima, nsupa kapena maliro okayikitsa akunama, pakuti anthu ake amakhala ndi zimenezi m'mitima. Amos Tutuola anadzaza The Palm-Wine Drinkard ya 1952 ndi mizimu ya kwawo kwa Ayoruba ndipo dziko lonse linawerenga. Mia Couto, woyandikana nafe ku Mozambique, wakhala akulemba za akufa oyenda pakati pa amoyo chiyambire buku lake la nkhani zazifupi la 1986, ndipo mwa njira imeneyo ananena za nkhondo ya kwawo zimene malipoti sakanatha kunena.

Funso langa kwa wolemba si lakuti mwaikamo mfiti kapena ayi. N'lakuti mwaimika owerenga pati. Mukamuimika pakati pa gulu lonyamula zibonga, mtima wake ukugunda limodzi ndi gululo mpaka tsamba lomaliza, mwalemba mphekesera ya zilembo zabwino. Tamuimikani m'nyumba ya gogo uja usiku umene akumva mapazi akuyandikira, mdzukulu amene anamulera ali kutsogolo. Kapena mwa mdzukuluyo patatha zaka khumi, tsitsi lake litayamba imvi, ana a m'mudzi atayamba kuthawa akamuona. Ufiti ukhoza kukhala weniweni m'nkhanimo, zilibe kanthu. Bola munthu akhalenso weniweni.

Alipo Amalawi amene analemba zotere, kapena n'za kunja zokhazokha?

Alipo, ndipo anayamba kale. Ken Lipenga, amene ambiri anadzamudziwa ngati mkonzi wa nyuzipepala ndi nduna ya boma, anatulutsa buku la nkhani zazifupi la Waiting for a Turn mu 1981. M'nkhani imene inapatsa bukulo dzina, munthu wotopa ndi moyo akwera phiri la Mulanje kuti akathere ku Sapitwa, n'kukapeza kuti kumenekonso kuli mzere, aliyense akudikira nthawi yake. Mmalawi amene anagonapo pamzere wa chimanga, wa feteleza kapena wa petulo amaseka akafika pamenepa, kenaka kuseka kuja kumamuuma kukhosi.

Kumbukirani nyengo imene ankalembera. Lamulo lounika mabuku ndi zisudzo linakhazikitsidwa mu 1968, ndipo a gulu la olemba la pa Chancellor College, limene linayamba mu 1970, anaphunzira kuyankhula mozungulira. Jack Mapanje anakhala m'ndende kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu kukhoti. Amene amakhota pa Zalewa kulowera kumadzulo akupita ku Mwanza, boma limene, mu May 1983, nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa ku Thambani, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Pamene chilengezo cha boma chinali nkhani yopeka, wopeka nkhani anayenera kubisa zoona m'phiri, m'chilombo, m'maloto. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimati chikasamuka chimakokolola midzi, n'kuchisandutsa chiyankhulo chonenera zimene sizinkanenedwa. Ufulu utabwera sanasiye. Buku lake la 2006, The Hyena Wears Darkness, likunena za Edzi ndi miyambo, ndipo fisi wake si wa kuthengo, ndi bambo wa m'mudzi momwemo amene amalowa m'nyumba usiku ndi chilolezo cha akuluakulu.

A masiku ano atembenukira kutsogolo. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, ya Africa wa zaka mazana akubwerawa, ndipo anatsogolera kutulutsa Imagine Africa 500, buku la nkhani zazifupi za olemba a maiko angapo limene anakonza Billy Kahora wa ku Kenya. Muthi Nhlema, mu Ta O'reva, anabweza Nelson Mandela kudzaona South Africa wa m'tsogolo. Palinso Ekari Mbvundula ndi anzake.

Mwaona kuti nkhani zonsezi n'za m'Chingerezi. Apa ndiye pamandiwawa. Chiyankhulo chimene chili ndi mawu ngati tsemwe, nthumanzi, malodza, chidima, zii ndi mbuu, chimene John Gwengwe analembera Sikusinja ndi Gwenembe ndi kambalame kake kosatopa kuulula, chimene Julius Chongo ankagwira nacho omvera a wailesi ya ku Zambia pa Poceza m'Madzulo, lero chimapatsidwa kwambiri nkhani za mtsikana amene sanamvere makolo n'kutenga mimba. Nkhani zophunzitsa zili ndi malo ake. Koma Chichewa chimatha kuopseza mwaluso kuposa pamenepa, ndipo umboni wake umamveka pa siwa paliponse moto ukayamba kuzilala.

Ndikawerenga nkhani n'kutha osaimvetsa, vuto ndi ine kapena wolemba?

Mwina inu, mwina iye. Iwerengeninso musanagamule. Namwali Serpell wa ku Zambia anapambana mphotho ya Caine mu 2015 ndi The Sack, ndalama zake n'kugawana ndi anzake amene anapikisana nawo. Nkhaniyo ndi ya amuna awiri okhala nyumba imodzi mosakhulupirirana, thumba, ndi maloto oyenda chobwerera m'mbuyo. Ulendo woyamba ndinatuluka chimanjamanja. Wachiwiri ndinayamba kuona kuti chilichonse chinaikidwa dala.

Muyeso wanga ndi umenewo. Mdima wa wolemba waluso uli ngati wa m'nyumba mwanu magetsi akazima: simukuona, koma mukapapasa mpando uli pomwe uyenera kukhala. Mukawerenga kachiwiri n'kupeza kuti zinthu zikuwonjezeka, pitirizani. Mukapeza kuti utsi ndi womwewo ndipo nkhuni palibe, wolembayo nayenso sankadziwa chimene chinali m'thumba.

Kusukulu anatiphunzitsa kuzukuta nkhani: apangankhani, malo, nthawi, pampondachimera, phunziro. Sizikwanira?

Ndi zida zabwino, ndipo wolemba mayeso a Fomu 4 asazitaye. Chimene chimandivuta ndi chomalizacho. Tinazolowera kuti nkhani iliyonse ili ngati mtedza, uswe, utaye makoko, utulutse phunziro la mzere umodzi: tisamakhale adyera, tizimvera akulu. Mukaitenga motero nkhani ya thumba ija mudzalemba kuti tisamathawe tikachita ngozi, ndipo mudzakhoza, koma mudzakhala mutataya nkhani yonse. Makoko aja, wailesi, nyale, nsapato, ndiwo anali chakudya.

Pa nkhani yamtunduwu ndimadzifunsa zina. Ndi pa chiganizo chiti pamene thupi langa linayamba kusintha, ndipo wolemba anachita chiyani pamenepo? Akufotokoza nkhaniyi ndani, ndipo ndingamukhulupirire? Mfotokozankhani amene akulumbira kawirikawiri kuti sanalakwe amakhala ngati mwana amene wathamangira kunena kuti sanadye shuga musanamufunse. Ndiponso chimene anthu a m'nkhanimo akupewa kutchula n'chiyani? Kwathu kuno timadziwa kuti nkhani yaikulu ya pabanja ndi imene anthu amaizungulira pamaliro. Papepala n'chimodzimodzi.

Nanga ndikafuna kulemba maganizo anga pa nkhani ya wina, m'nyuzipepala kapena pagulu la owerenga, ndiyambire pati?

Yambani ndi kuiwerenga yonse, kawiri. Zikumveka zachibwana, koma kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ndaonapo anthu akutsutsana ola lathunthu za nkhani imene onse anangomva kwa mnzawo.

Kenaka musatibwerezere nkhaniyo. Zounika zambiri zimene ndimawerenga zimakhala chidule cha zochitika kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kumata pansi pake kuti wolembayu waluso, tiyeni tigule bukuli. Tigulirenji mwatiuza kale zonse? Tiuzeni pang'ono pongotilowetsa pakhomo, kenaka mutionetse malo amodzi kapena awiri pamene nkhaniyo yagwira kapena yaterereka, ndi chifukwa chake. Kunena kuti ndi yoopsa sikuthandiza aliyense. Kunena kuti mantha ake anatha pa tsamba lachitatu pamene wolemba anationetsa nkhope ya chilombo, pomwe mapazi okha ankatikwanira, kumathandiza owerenga ndi wolemba yemwe.

Muiweruze pa chimene inafuna kuchita. Nkhani imene yasankha kusiya funso lotsegula musaidzudzule kuti sinathe. Koma musaope kunena ngati yathawa funso limene inayenera kuyankha, kapena ngati yachita zija za gogo. Pamenepo ine sindinyengerera, ngakhale Chichewa chake chikhale chokoma ngati uchi.

Chovuta chenicheni n'chakuti dziko lathu ndi laling'ono. Olemba ndi ounika ndi anthu omwewo, amakumana ku Malawi Writers Union, ku ukwati, ku maliro. Ine ndinalakwapo mbali zonse ziwiri. Ndinayamikirapo nkhani ya mnzanga imene mumtima ndinkadziwa kuti mathero ake ndi maloto aja, ndipo iye, pokhulupirira mawu anga, analemba zina zitatu zothera momwemo. Nthawi ina ndinapsa mtima ndi nkhani ya mnyamata wina wongoyamba kumene, ndinailemba mokhadzula, n'kuululanso chinsinsi chake chomaliza kuti ndisonyeze kufooka kwake. Ndinali ndi mfundo, koma ndinamulanda owerenga amene akanadziweruzira okha. Titakumana anandipatsa moni waulemu wa manja awiri, n'kunena kuti, "Akulu, ndinawerenga zija, zikomo." Sindinaonenso dzina lake pansi pa nkhani ina iliyonse. Mwa zolakwa ziwirizi sindinasankhebe chachikulu.

Zonsezi n'zabwino, koma pa Zalewa mabuku amenewa tiwapeza kuti?

Funso lachilungamo. Ambiri mwa mabuku ndatchulawa ngakhale ku Blantyre muyenda mapazi kutupa musanawapeze. Koma nkhani yaifupi ili ndi mwayi umene buku lalikulu lilibe: imakwana pa foni, ndipo imatha bandulo isanathe. Magazini ya Omenana, imene inayamba ku Nigeria mu 2014, imaika pa intaneti nkhani zodabwitsa za olemba a mu Africa zowerenga ulere. Nyuzipepala za kumathero a sabata zimakhalabe ndi nkhani zazifupi, ndipo mphunzitsi amene amasunga masamba amenewo m'katoni ali ndi laibulale kale. Mmodzi akapeza, awerengere anzake mokweza, pakuti nkhani zoterezi zinabadwira m'khutu.

Ndinayesa zimenezi ndi mlongo wanga amene amaluka tsitsi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi mphambano. Kunalibe kasitomala, ndiye ndinamuwerengera ya Arimah ija pa foni, ndikuitembenuzira m'Chichewa chiganizo ndi chiganizo, mathiraki a ku Tete akudutsa n'kumandimeza mawu. Sanandidule ngakhale kamodzi, chimene sichichitika. Nditamaliza anangoti, "Achimwene, zinazi muziwerenga nokha." Anatenga tsache n'kusesa tsitsi lonse limene linali pansi, la mesh ndi lachibadwa lomwe, mpaka m'ming'alu ya simenti. Masiku onse amaliunjika pakona kudikira madzulo. Tsikulo analikulunga m'pepala, analimanga, n'kupita nalo kuseri kukapempha moto kwa mnyamata wa kanyenya.